Ng'ombe za Justina

Munda wa Justina Sakala sunafe tsiku limodzi ayi. Unayamba kudwala amayi ake akadali ndi moyo, ndipo matendawo analowa anthu akuwaombera m'manja. Josiah, mchimwene wake wamkulu, ndiye anabwera ndi thumba loyamba la feteleza pa njinga kuchokera ku Mfuwe, ndipo chaka chimenecho chimanga chinabereka mpaka nkhokwe inachepa. Mayiwo anali ndi kalimidwe kawokawo. Mapesi ankawakwirira m'mizere, pakati pa chimanga ankaponyapo khobwe ndi maungu, chaka china n'kusinthako mtedza. Josiah anati zonsezo n'zotayitsa nthawi, tsabola wakale sawawa. Kuyambira pamenepo mapesi ankatenthedwa, chimanga chinkatsatana ndi chimanga, ndipo ntchito yonse anaisiyira thumba.

Thumbalo tisalinamizire, ntchito yake yodyetsa chimanga linkaigwira. Koma nthaka panalibe woidyetsa. Chaka ndi chaka inkapempha feteleza wochuluka n'kubweza chimanga chochepa, ngati chidakwa chimene mowa wa dzulo suchikwananso lero. Pamene mayiwo anatsikira kuli chete, munda n'kugwera m'manja mwa Justina monga mwambo wa kuchikazi unenera, dothi linali litatuwa ndi kuuma gwa. Khasu likamenya linkalira. Mvula ikagwa madzi sankalowa pansi, ankangothamangira ku mtsinje wa Lupande. Chokhacho chimene chinkakondwa m'mundamo ndi kaufiti, amene ankachita maluwa ofiira kuyambira kumtunda mpaka kumunsi.

Tsiku lina dzuwa litapendeka Josiah anafika kumundako ndi mlendo wamfupi wa mapewa otakata.

"Mwaswera bwanji, amake Ennie?"

"Taswera, achimwene, kaya inu."

"Awa ndi a Monday Phiri, oumba njerwa. Ndi amene anaotcha njerwa za maloji ambiri ku Mfuwe uko."

Monday sanadikire kupatsidwa mpando. Anagunda pansi ndi chidendene, n'kumwetulira ngati waona chibwenzi. "Ili ndiye dothi, mayi. Njerwa yake mungaiponye kuchokera padenga, siingasweke."

Nkhani inali itaphikidwa kale. Monday akumba mundawo, aotcha mauvuni ake, ndipo pa njerwazo apatulapo zokwanira nyumba ya Justina. Josiah sanali munthu woipa mtima, izi tinene poyera. Zinkamupweteka kuona mlongo wake wamasiye akugona m'nyumba yodontha kwinaku akulima mwala. Koma Justina anali ataona zimene oumba njerwa amasiya akachoka: maenje akuluakulu odzaza achule ndi udzudzu, malo amene sadzatchedwanso munda mpaka kalekale. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Ennie. Tsiku limene Ennie adzabweretse mwamuna pamudzi, adzamupatsa khasu kuti akalime pati?

"Achimwene, nyumba siidyedwa," anatero.

"Nanga munda uwu umadyedwa? Unafa kale uwu. Maliro sasungidwa m'nyumba chifukwa cha chikondi."

Josiah ndiye anali mwini mbumba, mawu omaliza anali ake, ndipo anawapereka pomwepo pogwirana chanza ndi mlendoyo. Monday anati ali ndi zulu zazikulu ku Kawaza zimene ayenera kuyamba wazitsiriza. "Nikatsiriza kuja, nibwera kuno manje manje," anatero pokwera njinga. Mwayi wa Justina unali umodzi wokha: bamboyu dzina lake linali Monday, koma Lolemba lake silinkafika msanga.

M'chigwa muno aliyense ndi woumba njerwa pang'ono, koma za mtundu wina. Umatola ndowe za njovu, n'kuzikanya ndi tsabola wosinja, n'kuumba timanjerwa. Tikauma umatisunga mpaka chimanga chitakhwima, ndiye umatiyatsa m'malire a munda kuti utsi wake wowawa ubweze njovu. Chaka chimenecho Justina anaumba zambiri kuposa kale, mwina pofuna kuti manja atanganidwe mtima usamaganize. Anaziyanika pangodya ya kumunsi kwa munda. Kenaka kunagwa maliro a msuweni wake kutsidya, ndipo ananyamuka osazivundikira. Ndani amavundikira zinthu mu Okutobala, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuotcha mpaka mbuzi kubisala pansi pa nkhokwe?

Chizimalupsa sichipempha chilolezo. Mvula inagwa ali kumaliro, ndipo pobwera anapeza njerwa zake zonse zasanduka phala. Tsabola wa chaka chathunthu, maulendo onse aja otola ndowe, zonse zili phwata pansi. Analira, osati misozi ya chisoni koma ya ukali. Anatenga khasu n'kumwazamwaza phalalo pangodya pomwepo, akudzitukwana yekha, ndipo mvula yeniyeni itabwera anadzala mmene ankadzalira, ndi feteleza wochepa amene anali naye.

Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, n'kuyamba chikasu monga mwa masiku onse. Koma pangodya ya kumunsi panachitika zina. Pamenepo chinali chobiriwira mochita kuda, mapesi onenepa, masamba otambalala. Mu Januwale mvula inadukiza, dzuwa linang'amba, munda wonse unapinda masamba, koma ngodya ija inangoima chilili ngati sikumva. Justina anagwada n'kulowetsa zala pansi. Zinalowa. Dothi linali lonyowa, lozizira, ndipo pachikhatho pake panagwa nyongolotsi, chinthu chimene anali asanachione m'mundamo chichokereni utsikana wake.

Za manyowa sizinali zachilendo. Alangizi a zaulimi ankazinena pamsonkhano uliwonse mpaka kukhosi kuuma, ndipo anthu ankawayankha yankho limodzi: tiwatenga kuti? Kumtunda, ku Chipata, anthu ali ndi makola a ng'ombe. Kuchigwa kuno akashembe, ntchentche zoluma zija, salola ng'ombe kuchuluka, ndipo zitosi za mbuzi zitatu sizingadyetse ngakhale dimba. Justina nayenso ankayankha choncho. Tsopano atagwada pangodya paja anaseka yekha mpaka kugwira m'mimba. Ng'ombe zinalipo nthawi yonseyi, zikuluzikulu, zopanda mbusa, zosafuna khola, zikusiya manyowa m'njira zonse za kuno kwathu ku Mnkhanya. Anthu ankangowatola kuti awaotche.

Chilimwe chitafika anamangirira matumba awiri akale a feteleza pa njinga ya malemu mwamuna wake n'kuyamba maulendo. Mnansi wake Given Mwale anali sikauti wa m'mudzi, mmodzi wa anthu olondera nyama, ndipo ankadziwa kumene gulu lililonse lagona. Poyamba anamukalipira.

"Amake Ennie, mufuna kufera matuvi?"

"Nifuna munda wanga, a Given. Muziniuza chabe kumene zapita."

Given anapukusa mutu, koma kuyambira tsikulo ankaima pampanda akamachokera kolondera. "Ng'ombe zanu zagona pa misangu ya kudambo. Zatsikira kumtsinje manje. Mupite cha m'ma teni, osati m'mawa, ndipo mukaona ndowe ikufuka nthunzi mubwerere."

Mudzi sunamusiye. Kumjigo amayi anamupatsa dzina loti Mpongozi wa Njovu, ndipo ena akamuona akukankha njinga ankafunsa ngati akamwini ake adzuka bwino. Ennie ankachita manyazi mpaka anasiya kutunga madzi nthawi ya anthu ambiri. Justina zinkamulasa, asaname munthu, makamaka zikachokera kwa anzake amene anavina nawo chinamwali chimodzi. Koma ankayankha kuti akamwiniwo adzuka bwino ndithu, ndipo apereka moni.

Ntchito yake inali yothyola msana. Ndowe ankaziunjika pamthunzi, kusanjikiza ndi mapesi, masamba, phulusa la kukhitchini ndi zitosi za mbuzi, n'kumathirira madzi otsukira mbale mpaka muluwo utawolerana. Popeza dothi linkakana mizere, anakumba maenje odzalamo, limodzilimodzi, dzuwa lili pamutu, matuza akuphulika n'kumeranso. M'dzenje lililonse ankathira manyowa odzaza manja awiri. Feteleza sanamutaye ayi, sanali pa nkhondo ndi thumba. Ankangothira kachivundikiro ka botolo pa phando, ndipo thumba limene kale linkathera pakati pa munda tsopano linkafika kumalire n'kutsalako. Anabwezeretsa khobwe, anawonjezera nandolo. Moto anauletsa, ndipo osaka mbewa amene anayesa kuyatsa mapesi ake anamva mawu amene sindingawabwereze pano. M'manyowamo munkamera timitengo ta msangu, popeza njovu zimakonda nyemba zake. Tambiri anatizula, koma tina anatisiya motalikirana, chifukwa aliyense amadziwa kuti msangu umayoyola masamba nthawi ya mvula ndipo chimanga cha pansi pake sichidandaula.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chotsatira munda sunachite zodabwitsa, unangosiya kuchititsa manyazi. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Monday anatsiriza zulu za ku Kawaza, koma anapeza ntchito ina ya sukulu, kenaka ina ya tchalitchi, ndipo akakumana ndi Josiah pamsika ankalonjeza kuti mwezi wamawa. Mwezi wamawa uliwonse Justina ankaulandira ngati mphatso. Madzi anasiya kuthamangira ku Lupande. Kaufiti anachepa. Ennie, amene tsopano anali ndi mnyamata womufunsira, anayamba kutsagana ndi amayi ake osaitanidwa, ndipo pa njinga panawonjezeka thumba lachitatu.

Kenaka chinafika chaka chimene munda unayankha ndi mawu onse. Chimanga chinatalika kuposa munthu, china chobereka ziwiriziwiri, ndipo odutsa m'njira ankachepetsa liwiro la njinga. Justina anatumiza uthenga kwa Josiah, amene ankakhala kwa mkazi wake kutsidya kwa mtsinje, kuti abwere adzaone ndi maso ake. Josiah anayankha kuti madzi ndi ambiri, abwera akaphwa. Chimanga chili m'munda ndi cha aliyense, anatero, mboni ya mlimi ndi nkhokwe.

Njovu nazo zili ndi mphuno. Zinabwera chimanga chitangoyamba kuuma, gulu lalikulu, mphepo ikukankhira utsi wa tsabola mbali yolakwika. Given ndi anzake anayesa kuzithamangitsa ndi zitini ndi matochi, koma zinachoka zitakhuta. Kutacha Justina anaima pakati pa munda wake. Mapesi anali lambalamba, zitsononkho zotafunidwa zili mbwee, ndipo chimene chinatsala sichikanadzaza ngakhale theka la nkhokwe. Anakhala pansi pa mapesiwo. Kenaka anadzuka, natenga khasu n'kuyamba kukokera pamodzi milu imene alendowo anasiya.

"Amama, mukuchita chiyani?" anafunsa Ennie akulira.

"Zadya, mwanawe, koma zasiya chindapusa. Tenga dengu."

Ananena moseka, koma mumtima munali mdima. Madzi ataphwa Josiah anabwera, anasuzumira m'nkhokwe, n'kupumira m'mwamba.

"Mwalimira njovu, amake Ennie. Zaka zonsezi mwazunzika, nanga phindu lili kuti? Ine mawu ninapereka kale, ndipo a Monday akuti ntchito zawo zatha. Abwera mwezi uno."

Ulendo uno Lolemba linafikadi. Unali m'mawa wa mu Ogasiti, kamphepo kakuuluza fumbi, pamene Monday anatulukira ndi amuna awiri, makasu, chikombole choumbira njerwa ndi mgolo wa madzi pa wilibala. Josiah anali nawo. Anthu a m'mudzi anayamba kudzera njira ya kumunda, aliyense ndi chifukwa chake chonamizira. Justina anakhala pansi pa kamsangu kamene kanali katamupitirira kale msinkhu, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti ananenepetsa mundawo ngati mbuzi ya pa ukwati, kuti ena adzaupeze wokonzeka kuphedwa.

Monday anakankha mapesi ndi phazi, analavulira m'manja, n'kukweza khasu ndi mphamvu zonse zimene ankakumbukira kuti dothi ili limafuna. Khasu linalowa lonse mpaka pa mpini, ndipo mwini wake anadzandira kutsala pang'ono kugwa chafufumimba. Wina m'gulu la oonerera anatsokomola pobisa chiseko. Chimene chinatuluka pansipo chinali chakuda, chofumbutuka, chodzaza timizu ndi tiudzu towola.

"Apa pali zinyalala," anatero Monday. "Thirani madzi tione."

Amuna aja anathira madzi, anaponda ndi mapazi, anadzaza chikombole, n'kukhuthula pabwalo limene anasesa. Njerwa inatuluka, inaima kanthawi ngati ikuganiza, kenaka inakhala pansi n'kutambasuka. Anachepetsa madzi, anapondanso. Zachiwirizi zinaima, ndipo Monday anati azisiye padzuwa. Podikira anasamukira kumtunda kwa munda n'kukumba mozama. Anagwera m'dzenje la manyowa. Anasuntha pang'ono, anagweranso m'lina. Pakati pa maenjewo mizu ya nandolo inali itaboola pansi ngati misomali, ndipo nyongolotsi ndi chiswe zinali zitatsegula tinjira tawo paliponse. Dothi lolimba lija analipeza ndithu, koma pansi kwambiri, moti kuti alifikire anayenera kuyamba wasenda munda wonse n'kukataya kwina. Anakumba kumadzulo, anakumba kum'mawa, thukuta likutsika, nkhope ikunka ikugwa.

Justina anali atasiya kuyang'ana pansi. Sanayerekeze kuyembekezera chilichonse, koma maso ake ankatsatira khasu la Monday paliponse pamene linagwa.

Dzuwa litapendeka Monday anabwerera pa njerwa zoyanikidwa zija. Ananyamula imodzi ndi manja awiri, ndipo inathyoka pakati ngati chigumu. Ananyamula ina, inafumbutuka isanafike m'mawondo. Anatola chidutswa, anachifikisa ndi zala, anachinunkhiza, n'kuchitaya monyansidwa. Anatembenukira kwa Josiah.

"Akulu, munanionetsa dothi lina, mwaniitanira lina. Ili silingapse. Mukaliika mu uvuni tiudzu tonseti tipsa, mutsala ndi zibowo chabe. Ine dzina langa siningaliononge." Kenaka anayang'ana Justina mwachisoni, monga munthu wobweretsa uthenga wa maliro. "Pepani mayi, nyumba ija siitheka. Dothi lanu ndi loipa."

Justina anaimirira pang'onopang'ono, nakonza chitenje.

"Mwati bwanji, a Phiri? Makutu anga ayamba kukalamba."

"Nati dothi lanu ndi loipa."

"Kwezani mawu pang'ono, aja ali kunjira sanamve."

Monday anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa chimene mayiyu akufuna, koma anabwereza mokweza kuti pa ntchito yake yonse sanaonepo dothi lopanda pake ngati limeneli. Ennie ndiye anayamba nthungululu, ndipo amayi a kumjigo, omwe aja a dzina lachipongwe, anailandira ngati kuti anali mbali yake kuyambira pachiyambi. Justina sanawawerengere mlandu. Chimwemwe chinamudzaza thupi lonse. Chibadwire anthu anamuyamikirapo zinthu zingapo, kuphika, kuimba, kupirira pa umasiye, koma panalibe chiyamikiro chimene chinamukomera ngati chitonzo chimenechi.

Josiah anali atanjuta pambali pa dzenje limodzi, dzanja lili m'dothi mpaka pamkono. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka sanayang'ane anthu, anayang'ana mlongo wake.

"Munda ndi wanu, amake Ennie. Ine ndi a Monday tikambirana zathu." Anasasa m'manja, n'kuwonjezera motsitsa mawu, "Wanga kutsidya kuja nawonso khasu likulira."

"Ng'ombe n'zambiri, achimwene, zitikwana tonse. Mubwere ndi matumba anu."

Monday anali atauza kale anthu ake kuti alongedze. Anakweza chikombole pa wilibala, matope ali khathikhathi, ndipo amuna aja anayamba kulunjika kunjira, miyendo yakuda mpaka m'mawondo.

"Taimani kaye, a Phiri," anatero Justina. "Maenje mwakumbawa muwakwirire, lakuda likhale pamwamba monga munalipezera. Njerwa zanu zoswekazo mubweze momwe munazitenga."

Anakwirira, akung'ung'udza. Atatha anatembenukanso kuti azipita, koma anapeza mayiyo waima panjira, atanyamula ndowa ya madzi otsala mu mgolo. Analoza chikombole, analoza makasu, kenaka analoza miyendo yawo.

"Mutsukire momwe muno. Ndi loipa, koma ninalisenza pa njinga ine. Musapite nalo ngakhale la m'zikhadabo."

Amuna atatu akuluakulu anaima pamzere pakati pa mapesi, mudzi wonse ukuonerera, ndipo Justina anawathirira madzi mmodzimmodzi mpaka mapazi awo anayera.